Aphungu Akuyankha: Mafunso a Amene Akuchita PhD

Mwezi uno makalata ambiri achokera kwa amene akuchita maphunziro a PhD, ena kuno kumudzi, ena ku South Africa ndi ku Britain. Tasankha asanu ndi awiri amene madandaulo ake akumveka kawirikawiri, ndipo mayina tawabisa monga mwa nthawi zonse. Oyankha ndi aphunzitsi amene amayang'anira ophunzira a kafukufuku. Malamulo amasiyana yunivesite ndi yunivesite, choncho pamene zathu zasemphana ndi buku la malamulo a sukulu yanu, tsatirani bukulo.

Supavaiza wangoti zii

*Aphungu, ndinatumiza chaputala chachiwiri kwa supavaiza wanga (mphunzitsi woyang'anira kafukufuku wanga) miyezi inayi yapitayo. Ndikawaimbira amangoti, "Ndikuwerenga, musadandaule." Ndi munthu wamkulu, ndiye ndikuopa kuwakakamiza, angandione wamwano n'kuyamba kundivutitsa. Nditani?* Mphunzitsi, Lilongwe

Bambo, miyezi inayi ndi yambiri, ndipo kukumbutsa si mwano. Koma yambani mwaona mmene zinthu zilili kumbali yawo. Masupavaiza ambiri kuno amaphunzitsa makalasi akuluakulu, amachonga mayeso, amakhala m'makomiti, ndipo ophunzira ena a masitazi ndi PhD ali pamzere womwewo. Chaputala cha masamba 50 chikafika chopanda funso lililonse chimafuna tsiku lathunthu, ndipo tsiku lotere kwa iwo silipezeka. Chimangosunthidwa sabata ndi sabata. Chimene mungachite inu ndi kuichepetsa ntchitoyo kuti itheke pa ola limodzi.

Lembani imelo, osati uthenga wa pa WhatsApp. Mu imeloyo tchulani tsiku limene munatumiza chaputalacho, chiikeniponso kuti asavutike kuchifunafuna, ndipo funsani mafunso atatu okha olunjika. Mwachitsanzo: kodi mfundo ya pa tsamba 8 mpaka 14 ikugwirizana ndi funso loyamba la kafukufukuyu? Kodi gawo lachitatu likhale pano kapena lipite ku chaputala cha njira zofufuzira? Kodi pali mlembi wofunika amene ndamusiya? Kenako pemphani mphindi 30 zokumana, ndipo perekani masiku awiri oti asankhepo. "Mukapeza mpata" si tsiku. Nenaninso chimene chaima chifukwa chodikira, monga kuti simungatumize mapepala ku komiti yopereka chilolezo cha kafukufuku chaputalachi chisanavomerezedwe. Munthu wotanganidwa amayamba ndi ntchito imene ili ndi tsiku.

Mukakumana, tsiku lomwelo atumizireni imelo yaifupi ya zimene mwagwirizana: zimene inu mukonze, zimene iwo awerenge, ndi tsiku lokumananso. Ophunzira ambiri amagwa apa. Amagwirizana pakamwa m'khonde, kenako patatha theka la chaka supavaiza amati sananene zoti chaputala chachinayi chichotsedwe, ndipo palibe poloza. Maimelo amenewa amateteza nonse awiri, ndipo ndi amene mudzagwiritse ntchito polemba lipoti la pachaka la mmene maphunziro akuyendera.

Pali zinthu ziwiri zoti musachite mukudikira. Musamatumize chaputala chomwecho chokonzedwanso sabata iliyonse, chifukwa akakhala kuti anayamba kulemba ndemanga pa chakale, ntchito yawo yonse imapita pachabe, ndipo ulendo wina sadzafulumiranso. Musakhalenso manja lende. Lembani gawo lina limene silidalira yankho lawo, monga kufotokoza dera la kafukufuku kapena kukonza mndandanda wa mabuku.

Mukalemba kawiri popanda yankho, lemberani supavaiza wachiwiri ngati alipo, woyambayo mutamuikaponso pa imeloyo kuti zisaoneke ngati miseche. Zikakanikabe, pitani kwa amene amayang'anira maphunziro a masitazi ndi PhD m'dipatimenti yanu. Musapite kukaneneza munthu. Tengani masiku olembedwa ndipo pemphani thandizo kuti ntchito iyende. Mabuku a malamulo a mayunivesite ambiri amanena kangati pa chaka muyenera kukumana ndi supavaiza ndiponso nthawi imene ayenera kubweza ndemanga, choncho werengani gawo limenelo musanapite. Kusintha supavaiza n'kololedwa, koma kuikeni kumapeto kwenikweni. Watsopano amatha kufuna kuti njira yonse yofufuzira isinthe, ndipo m'maphunziro ena akatswiri kuno ndi owerengeka, moti amene mwamuthawayo mudzakumana naye pa msonkhano uliwonse.

Chilolezo cha kafukufuku: chakunja n'chokwanira?

*Ndikuphunzira ku Britain koma kafukufuku ndikachitira m'zipatala zazing'ono za m'boma lina m'chigawo chapakati. Komiti ya yunivesite yanga yandipatsa kale chilolezo. Ndili ndi miyezi itatu yokha ku Malawi. Ndingayambe kufunsa anthu ndikangofika, chilolezo cha kumudzi n'kumachitsatira pambuyo?* Namwino, Britain

Ayi, mayi, musayese. Chilolezo cha yunivesite yakunja sichilowa m'malo mwa cha kuno. Kafukufuku wokhudza anthu ku Malawi amafuna chilolezo cha komiti ya m'dziko muno. Wa zaumoyo amapita ku komiti ya National Health Sciences Research Committee (NHSRC), imene ili pansi pa Unduna wa Zaumoyo, kapena ku komiti ya ku Kamuzu University of Health Sciences (yodziwika ndi dzina lakuti COMREC) ngati mukugwira ntchito ndi anthu a kumeneko. Wa za chikhalidwe ndi kakhalidwe ka anthu amapita ku komiti ya NCRSH, pansi pa National Commission for Science and Technology, ndipo mayunivesite ena ali ndi makomiti awoawo. Zimene mungatole chilolezo chisanatuluke n'zotayika. Chilolezo sichibwerera m'mbuyo kukavomereza zochitika kale, ndipo journal (magazini yosindikiza kafukufuku) yabwino imafunsa nambala ya chilolezo ndi dzina la komiti. Oyesa thesis (buku lomaliza la kafukufuku wanu) nawonso amayerekeza tsiku la chilolezo ndi tsiku limene munayamba kufunsa anthu.

Tumizani mapepala mudakali ku Britain, miyezi ingapo musanagule tikiti. Makomitiwa amakhala pa masiku oikika, ndipo nthawi zambiri yankho loyamba limakhala lakuti mukonze zina n'kutumizanso. Ikani nthawi ya maulendo awiri amenewa m'dongosolo lanu. Funsaninso za ndalama zolipira musanatseke bajeti, chifukwa ambiri amaziiwala n'kudzagwira njakata pa mapeto.

Zimene amafuna sizisiyana kwambiri: dongosolo lonse la kafukufuku, mafunso amene mudzafunse, fomu yopempha chilolezo cha munthu aliyense, bajeti, mbiri ya maphunziro anu ndi ya masupavaiza, ndi kalata yosonyeza kuti akuluakulu a zaumoyo m'bomalo akudziwa ndipo avomera. Kalata yotsirizayi ndi imene imachedwetsa, chifukwa imafuna munthu wopita yekha ku ofesi. Pezani mnzanu wa kuno amene angakuyendereni.

Zobwezetsa mapepala zimakhala zomwezomwezo. Fomu ya Chichewa siyifanana ndi ya Chingerezi, kapena inamasuliridwa mwa Chichewa chimene mayi wa kumudzi sangachimve. Ikamasuliridwa, ipatseni munthu wina amene sanaone ya Chingerezi kuti aibwezere ku Chingerezi, kenako yerekezani ziwirizo. Ngati dera lanu lili ndi olankhula Chiyao kapena Chitumbuka, fomu ikhaleponso m'zilankhulo zimenezo. Ana osakwana zaka 18 amafuna chilolezo cha kholo kapena womulera pamodzi ndi kuvomera kwa mwanayo. Wosadziwa kulemba amadinda chala pamaso pa mboni imene si ya gulu lanu la kafukufuku. Fotokozani momveka zimene mudzapatse anthu pobweza ndalama ya ulendo ndi nthawi yawo, ndipo zisakule mpaka kukhala nyambo. Nenaninso kumene mawu ojambulidwa adzasungidwe, amene adzawamve, ndi nthawi imene adzafufutidwe. Ngati mukufuna kutulutsa magazi kapena zina zotengedwa m'thupi kunja kwa dziko, pamafunika mgwirizano wina wapadera.

Chilolezo nthawi zambiri chimakhala cha chaka chimodzi, ndipo chimafunika kuchikonzanso chisanathe. Mukasintha mafunso, kuwonjezera chipatala kapena kuchulukitsa anthu, lemberani komiti musanachite.

Miyezi itatu yanuyo muisankhenso bwino. Kuyambira Disembala mpaka Marichi misewu yafumbi imavuta ndipo anthu amakhala kumunda m'mawa wonse. Januwale ndi Febuluwale ndi miyezi ya njala m'mabanja ambiri, ndipo zimenezi zimasintha ngakhale mayankho a mafunso okhudza chakudya ndi ndalama. Ngati mudzalowe m'midzi, sabata yoyamba ndi ya kudziwitsa: ofesi ya DC, mfumu yaikulu, gulupu, nyakwawa, ndi alangizi a zaumoyo a m'deralo. Kuvomera kwa mfumu kumakutsegulirani mudzi, koma sikulowa m'malo mwa kuvomera kwa munthu payekha, ndipo anthu muziwauza poyera kuti kukana kulibe mlandu. Siyani masiku opanda ntchito m'dongosolo, chifukwa maliro akagwa m'mudzi tsikulo lapita.

Mawu ojambulidwa andiunjikira

*Ndinacheza ndi alimi 40, aliyense pafupifupi ola limodzi, zonse m'Chichewa. Mawuwo ali mu foni ndi mu laputopu. Thesis ndi ya Chingerezi. Ndiyambire pati? Mnzanga akuti ndingomvetsera n'kumalemba m'Chingerezi nthawi yomweyo.* Wophunzira za ulimi, Dedza

Musanayambe chilichonse, koperani mawuwo lero. Foni ndi laputopu zimayenda m'chikwama chimodzi, ndipo zikabedwa mu minibasi zimapita zonse. Lamulo lodziwika ndi la makope atatu, pa zipangizo za mitundu iwiri, limodzi likhale kutali ndi kumene mumagona. Ndiye kuti laputopu, hard drive yapadera imene mwaisiya ku ofesi kapena kwa m'bale, ndi malo osungira pa intaneti amene yunivesite yanu ndi komiti ya chilolezo anavomereza. Hard drive imeneyo itsekeni ndi pasiwedi pogwiritsa ntchito pulogalamu ya BitLocker kapena ya VeraCrypt (VeraCrypt ndi yaulere). Mukatsimikiza kuti makope akutseguka, fufutani mawuwo mu foni. Kamodzi pa mwezi tsegulani fayilo imodzi kuchokera pa kope losungidwa, chifukwa ambiri amazindikira kuti kope lawo linafa pa tsiku limene akulifuna.

Tsopano masamu. Ola limodzi la mawu limatenga maola anayi mpaka asanu ndi limodzi kulilemba liwu ndi liwu, ndipo limaposa pamenepo ngati panali mphepo, nkhuku kapena anthu olankhulira pamodzi. Anthu 40 ndiye maola 160 mpaka 240. Mukamagwira maola asanu pa tsiku, amenewo ndi masiku 32 mpaka 48, kumasulira kusanayambe. Muuzeni supavaiza nambala zimenezi kuti asayembekezere chaputala cha zotsatira mwezi wamawa.

Malangizo a mnzanuwo amapulumutsa nthawi lero n'kudzakudyerani mawa. Mukamamasulira mukumvetsera, mumafupikitsa mosazindikira, ndipo mumasankha tanthauzo limodzi pamene wolankhulayo anazungulira dala. Woyesa akadzafunsa kuti mlimiyo ananena chiyani kwenikweni, mudzayamba kusakasaka m'maola 40. Lembani m'Chichewa momwe munthu analankhulira, ndipo ikani chizindikiro cha nthawi pa mphindi zisanu zilizonse kuti muzibwerera msanga ku mawu. Popeza Chichewa mumachidziwa, santhulani zolembazo m'Chichewa momwemo, ndipo mumasulire zokhazo zimene zilowe mu thesis. Ngati supavaiza samva Chichewa, mumasulireni zokambirana zinayi kapena zisanu zathunthu kuti aone mmene mukugawira mfundo.

Zoyambirira zisanu lembani nokha, ngakhale muli ndi ndalama yolemba ganyu. Ndi mmene mumadziwira zimene zili m'mawu anu, ndipo mumakhala ndi chitsanzo chopatsa wokuthandizani. Wolembedwa ganyu asayine pepala losunga chinsinsi, asakhale wa m'mudzi womwewo, ndipo pa ntchito iliyonse imene wabweretsa sankhani mphindi khumi pena paliponse n'kumvetsera mukuwerenga. Mukapeza kuti akudumpha kapena akukonza zolankhula za anthu kuti zimveke bwino, mubwezereni. Mayina achotseni m'zolemba, muike manambala, ndipo pepala lolumikiza nambala ndi dzina likhale kwina, lokhomeredwa. Samalaninso ndi zinthu zoulula munthu popanda dzina: m'mudzi wa nyumba 60, "mayi wamasiye amene ali ndi chigayo" ndi munthu mmodzi.

Mapulogalamu olemba okha mawu amalakwitsa kwambiri pa Chichewa cha kumudzi, ndipo kutumiza mawu a anthu ku kampani ya pa intaneti imene simunaitchule m'mapepala a chilolezo n'kuphwanya zimene munalonjeza. Posanthula, mapulogalamu a NVivo ndi ATLAS.ti ndi ogula, choncho funsani ngati yunivesite ili ndi laisensi. Ngati ilibe, Taguette ndi yaulere ndipo imakwanira pa ntchito ya kukula kotere.

Journal yolonjeza kusindikiza m'masabata awiri

*Sukulu yathu imafuna kuti tisindikize mapepala awiri tisanamalize. Ndalandira imelo yochokera ku journal ina yakunja, yondiyamikira kwambiri, yoti atha kusindikiza pepala langa m'masiku 14 ndikalipira madola 150. Nthawi yandithera. Ndipereke?* Wophunzira, Blantyre

Musapereke. Kuunika kwenikweni kumafuna kuti mkonzi apeze akatswiri awiri kapena atatu, awerenge, alembe ndemanga, inu mukonze, iwo aonenso. Zimenezi zimatenga miyezi. Wolonjeza masiku 14 akukuuzani kuti palibe amene awerenge. Zizindikiro zina ndi izi: dzina lophatikiza maphunziro osagwirizana, monga uinjiniya, zaumoyo ndi zamalamulo pamodzi, imelo yokutchani pulofesa pamene simunamalize, ndi nambala ya impact factor (muyeso wa mmene mapepala a journal amatchulidwira ndi ofufuza ena) yochokera ku bungwe losadziwika, pamene yeniyeni imatuluka mu Journal Citation Reports ya Clarivate.

Musakhulupirire zizindikiro zimene aika pa tsamba lawo. Pitani nokha pa tsamba la DOAJ kapena la Scopus, mindandanda ya ma journal ounikidwa, n'kufufuza pogwiritsa ntchito ISSN, nambala yozindikiritsa journal iliyonse, osati dzina lokha, chifukwa akubawa amatenga dzina losiyana liwu limodzi ndi la journal yotchuka. Amene muli ku South Africa yang'anani mndandanda wa chaka chimenecho wovomerezeka ndi DHET, dipatimenti ya boma yoona za maphunziro apamwamba. Tsegulani mapepala atatu amene journalyo inasindikiza kale muone ngati ali a nzeru. Sankhani munthu mmodzi pa akonzi awo muone ngati tsamba la yunivesite yake likutchula udindowo. Tsamba la Think. Check. Submit. lili ndi mafunso onsewa mwadongosolo. Kenako funsani woyang'anira laibulale ndi dipatimenti yanu ngati journal imeneyo imawerengedwa, musanatumize.

Kuopsa kwake si madola 150 okha. Pepala likatuluka kumeneko simungalitumizenso ku journal yabwino, chifukwa limatengedwa kuti linasindikizidwa kale, pamene sukulu yanu ikhoza kukana kuliwerenga. Ngati munatumiza kale koma silinatuluke, lembani imelo yolichotsa, musasayine pepala lopereka umwini, musalipire, ndipo sungani makalata onse kuti mudzaonetse mkonzi wa journal ina.

Kulipiritsa pakokha si umboni wa chinyengo. Ma journal abwino ambiri owerengedwa mwaulere amalipiritsa olemba, koma ofalitsa akuluakulu angapo amachotsa kapena kuchepetsa mtengowo kwa olemba a m'mayiko osauka monga Malawi. Pemphani pa nthawi yotumiza, chifukwa pepala likavomerezedwa ambiri salolanso. Onaninso ma journal a mu Africa amene ali pa tsamba la African Journals Online (AJOL). A zaumoyo ali ndi Malawi Medical Journal, imene imapezeka pa PubMed, nkhokwe ya pa intaneti ya mapepala a zaumoyo. Ngati nthawi yathadi, funsani ngati lamulo la sukulu yanu likuti pepala lituluke kapena kalata yakuti lavomerezedwa ndi yokwanira. Kusiyana kwake kumatha kukhala miyezi ingapo.

Za mayina pa pepala mukambirane musanalembe. Malamulo a ICMJE (komiti ya akonzi a ma journal a zachipatala), amene ma journal a zaumoyo ambiri amatsatira, amati wolemba ndi amene anathandiza kwenikweni pa kafukufuku, analemba kapena kukonza mozama, anavomereza pepala lomaliza, ndipo ali wokonzeka kuyankhapo. Udindo wa munthu m'dipatimenti suli pa mndandandawo.

Mapepala onse ndi ogula

*Pepala lililonse limene ndikufuna likundiuza kuti ndilipire. Anzathu amawerenga bwanji?* Wophunzira, Mzuzu

Pitani ku laibulale mukafunse za Research4Life, tsamba lowerengerapo ma journal ndi mabuku a kafukufuku. Masukulu ndi mabungwe a ku Malawi olembetsedwa amalowa mwaulere, ndipo muli Hinari ya zaumoyo, AGORA ya zaulimi, OARE ya zachilengedwe, ARDI ya sayansi ndi luso, ndi GOALI ya zamalamulo. Funsaninso zimene sukulu yanu imapeza kudzera mu MALICO, mgwirizano wa malaibulale a m'dziko muno. Ikani Unpaywall pa kompyuta yanu, imene imakulozerani kope lovomerezeka laulere ngati lilipo. Zikakanika, lemberani wolembayo imelo ya mizere iwiri, ambiri amatumiza mosangalala.

Chilichonse chimene mwapeza chiikeni tsiku lomwelo mu Zotero, pulogalamu yosungira ndi kukonzera mndandanda wa mabuku. Ndi yaulere ndipo imagwira ntchito ndi Word. Onani kuti dzina, chaka ndi masamba zalowa bwino, chifukwa cholakwika chikalowa chimatuluka paliponse pamene mwatchula pepalalo.

Ntchito, ana, maliro, ndi thesis

*Ndimagwira ntchito tsiku lonse, ndili ndi ana atatu, ndipo Loweruka lililonse pamakhala ukwati, maliro kapena za kumpingo. Chaka chino sindinalembe kalikonse. Anzanga amene tinayamba nawo sindilankhula nawo chifukwa cha manyazi. Usiku tulo sitibwera. Ndingoisiya?* Mayi wa ana atatu, Zomba

Mayi, musasankhe kusiya muli otopa chonchi. Mwina mukudikira kuti mupeze mwezi wathunthu wopanda chosokoneza, ndipo mwezi wotero kwa mayi wapantchito kulibe. Yesani kuwerengera motere: mawu 300 pa tsiku, masiku asanu pa sabata, masabata 40 pa chaka, ndi mawu 60,000. Mawu 300 ndi ndime ziwiri kapena zitatu, ntchito ya ola limodzi ngati mukudziwa chimene mukulemba. Kuti mudziwe, tsiku lililonse muzisiya mutalemba mzere umodzi wonena poyambira mawa. Popanda mzerewo, theka la olalo limathera kukumbukira pamene munali. Olalo likhale lolemba basi. Kuwerenga, kukonza mndandanda wa mabuku ndi kuyankha maimelo zipezereni nthawi ina, poti zimanamiza munthu kuti wagwira ntchito. Laputopu muzigona mutaitchaja, kuti kuzima kwa magetsi kusakhale chifukwa.

Anzanu amene mukuwathawawo, mwina theka la iwo akukuthawaninso pa chifukwa chomwecho. Lemberani awiri kapena atatu mupange gulu lolembera pamodzi. Lisapitirire anthu asanu, ndipo si kofunika kuti mukhale a maphunziro amodzi. Muzikumana tsiku limodzi lokhazikika pa sabata kwa maola awiri, ku laibulale kapena pa foni. Mphindi zisanu zoyamba aliyense anene chimene alembe lero, chooneka ndi maso, monga "ndime zitatu zofotokoza tebulo lachiwiri". Kenako chete kwa mphindi 25, kupuma zisanu, n'kuchita zimenezi katatu. Pomaliza aliyense anene pamene wafika. Magulu otere amafa akasanduka bwalo lodandaulira za masupavaiza, choncho madandaulo apatseni mphindi khumi za kumapeto. Kamodzi pa mwezi sinthanani masamba asanu, ndipo wowerenga ayankhe zinthu ziwiri: mfundo yaikulu imene wamva, ndi pamene wasochera.

Kunyumba nenani zinthu zogwirika. "Ndili pa sukulu" palibe amene amakumva, koma "Loweruka kuyambira 6 koloko mpaka 10 koloko kulibe ine" anthu amazolowera. Maliro a pafupi simungawaleke, koma si komiti ya ukwati uliwonse imene ikufuna inu.

Ngati chaka chino n'chosatheka ndithu, pemphani kuimitsa maphunziro mwalamulo. Mayunivesite ambiri amalola, ndipo miyezi imeneyo siwerengedwa pa zaka zimene munapatsidwa. Pemphani nthawi isanadutse, chifukwa kungosowa osanena kumadya zaka zanu ndipo fizi imapitiriza kuwerengedwa. Amene ali ndi wowalipirira amudziwitse, ndipo amene ali kunja ayambe afunsa ofesi ya ophunzira ochokera kunja, poti kuimitsa kwa nthawi yaitali kumakhudza viza.

Za tulozo musazitenge mopepuka. Ngati kusagona, kusafuna kudya kapena kutaya mtima kwapitirira masabata awiri, kaonaneni ndi dokotala kapena mlangizi wa pa sukulu yanu. St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe imathandiza pa matenda a maganizo, ndipo zipatala za boma zili ndi anamwino a ntchitoyi. Maganizo ofuna kudzivulaza akabwera, uzani munthu tsiku lomwelo ndipo pitani kuchipatala.

Mayeso apakamwa ayandikira

*Ndapereka thesis ndipo viva (mayeso apakamwa) ili m'masabata asanu ndi limodzi. Ndikawerenga ndikupeza zolakwika zambiri. Ndiwauze oyesa kapena ndingokhala chete?* Wophunzira, Scotland

Lembani zolakwikazo pa pepala, tsamba ndi tsamba, mupite nalo. Zing'onozing'ono za kalembedwe musayambe nazo, mudzazikonza pamodzi ndi zimene oyesa apeze. Koma ngati nambala mu tebulo ndi yolakwika, konzekani kunena yolondola ndi kufotokoza ngati ikusintha zotsatira. Woyesa amakhulupirira wophunzira amene waona yekha vuto kuposa amene akuteteza chinthu choonekeratu.

M'mayunivesite ambiri a ku Britain oyesa amakhala awiri, wa pa sukulupo ndi wochokera kwina, ndipo kukambirana kumatenga maola awiri kapena atatu. Werengani zimene wakunjayo wasindikiza posachedwa kuti mudziwe mbali imene amaonera nkhani yanu. Konzekani kuyankha mokweza, osati mumtima, mafunso awa: kafukufukuyu wapeza chiyani m'mphindi zitatu, chatsopano n'chiyani, n'chifukwa chiyani munasankha njira iyi osati ina, ndipo zotsatirazi zimalekera pati kugwira ntchito. Pemphani supavaiza ndi mphunzitsi wina akuyeseni kwa ola limodzi sabata ziwiri tsikulo lisanafike. Funso likakhala losamveka, pemphani alibwereze. Akatchula tsamba, tsegulani muwerenge musanayankhe.

Ambiri amatuluka ndi zoti akonze. Zochepa nthawi zambiri amapatsa miyezi itatu, zikuluzikulu miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposa. Amene ali ku South Africa afunse msanga, chifukwa mayunivesite ena kumeneko amadalira malipoti olembedwa a oyesa ndipo ena amawonjezera mayeso apakamwa. Mndandanda wa zokonza ukafika, pangani tebulo la magawo atatu: zimene woyesa wanena, zimene mwachita, ndi tsamba limene zili mu thesis yatsopano. Yankhani mfundo iliyonse, ngakhale imene simukugwirizana nayo, pofotokoza chifukwa mwaulemu ndi umboni. Musawonjezere zinthu zatsopano zimene sanapemphe, ndipo manambala a masamba muwalembe pomaliza, mutatha kukonza zonse, chifukwa ndime imodzi yowonjezera imasuntha masamba onse otsatira.